Utsi wa pamapiri a Yorkshire: akutentha chiyani, nanga madzi athu zikuwakhudza bwanji?

Nachisale: Abale mwaswera bwanji nonse. Mundiseke kaye, mukatha mundithandize. Dzulo masana ndikuchokera kwa gogo wina amene ndimamusamalira, ndinadzera msewu wa pamwamba uja wochoka ku Pateley Bridge kupita ku Grassington, m'mapiri a Yorkshire Dales kuno kumpoto kwa England. Nditafika pamtunda penipeni ndinangoona utsi uli tolotolo, malo atatu osiyana. Mtima unangoti myuu. Ndaimika galimoto, ndaimba 999. Mayi woyankha foni wafunsa malo ake, kenaka akuti, mwaulemu wake uja, eni malowo atidziwitsa kale m'mawa, akutentha dala. Dala? Dziko lino loti ukataya kachitsa ka fodya pansi amakulipiritsa, anthu n'kumatentha phiri dala?

Bambo a Tadala: Kkkkk azungu ayamba kusaka mbewa. Mukanawauza kuti akapeza kapuku atisungireko.

Nachisale: Inu a bambo a Tadala musayambe. Manyazi andigwira mpaka pano.

Mavuto wa ku Dales: Achemwali musadandaule, si inu oyamba. Komanso a bambo a Tadala sanaphonye kwenikweni, nkhani yake ndi ya uzimba ndithu, kungoti si mbewa koma mbalame. Amaitcha red grouse, maonekedwe ake ngati nkhwali yonenepa. Chakudya chake ndi nsonga zanthete za kachitsamba kaja kamachita maluwa apepo mu Ogasiti, heather. Kachitsambako kakakalamba kamangokhala nkhuni, mbalame sizipezapo chodya. Ndiye amatentha kachigawo kano chaka chino, kena chaka chamawa, kuti pakhale pena pophukira podya, pena pataliatali pobisala ndi kuikira mazira. Mukakwera ndege pa Leeds Bradford muyang'ane pansi, phiri limaoneka ngati chitenje chosokerera zigamba. Pamalo amodzi amabwererapo patatha zaka 10, 15, mwina 20. Nyengo yololedwa kumapiri ndi kuyambira 1 Okutobala mpaka 15 Epulo. Ine ndimathandiza alamu anga pantchito imeneyi, ndipo kuyambira pa 12 Ogasiti ndimakhala mgulu la oingitsa mbalame, kuyenda mondondozana ndi mbendera kuziingitsira kwa mabwana a mfuti.

Bambo a Tadala: Ndiye kuti mbewa zawo n'zouluka basi.

Mayi a Chisomo: Ine nkhani imeneyi siindiseketsa. Pa 26 Disembala 2015 tinali ku Mytholmroyd, m'nyumba ya lendi pafupi ndi mtsinje wa Calder. Sayirini inalira m'mawa tisanamwe n'komwe tiyi. Pomwe ndimamaliza kukweza ana pamwamba, madzi anali atalowa kale pakhomo, akuda ngati khofi. Firiji inagwa chagada n'kumayandama m'khitchini. Sutikesi imene munali zitenje za malemu amayi anga inali pansi pa masitepe. Ndinazichapa kanayi, fungo lake silinachoke. Kuchigwa kwathu kuno anthu ambiri amati kutentha kwa pamwambako ndi kumene kumathamangitsa madzi. A Mavuto, inu mumatentha kumtunda, ife timasambira kumunsi.

Mavuto wa ku Dales: Pepani mayi, zimenezo n'zowawa. Koma tsiku limenelo mvula inagwa yoti ngakhale phiri likanakhala la siponji madzi akanatsikabe. Leeds inasefukira, York inasefukira. Konseko ndi ife?

Admin: Tisanayambe kuponyerana miyala, pagulu pano tili ndi mwana wathu amene akuphunzira zomwezi. Thoko, tuluka uko.

Thoko: Ndinalipo amalume, ndimangowerenga mwakachetechete kkk. Ndiyambe ndi nthaka, chifukwa mkangano wonse wagona pamenepo. Chimene chili pansi pa heather m'malo ambiri kumapiriko si dothi. Ndi peat, zomera zakufa zimene zinalephera kuola chifukwa chomira m'madzi ozizira opanda mpweya. Chomera chachikulu chimene chimapanga peat ndi ndere ina yofewa yotchedwa sphagnum, imene imatha kusunga madzi olemera mpaka ka 20 kuposa iyo mwini ikauma. Ikamafa pansi, pamwamba ikumera, ndipo mulu umakwera pafupifupi milimita imodzi pachaka. Imodzi yokha. Ndiye mukaima pamalo pamene peat yake ndi yakuya mamita awiri, mwaponda zaka ngati 2,000. Kuti isaole, madzi ayenera kukhala pafupi ndi pamwamba chaka chonse. Madzi akatsika, mpweya umalowa, peat imayamba kuola, kaboni amene anatsekeredwamo n'kumathawira mumlengalenga ndi m'mitsinje.

Tsono funso limene akatswiri akhala akulimbana nalo ndi lakuti, moto uja ukadutsa pamwamba, madzi a pansiwo amatani?

Nachisale: Eya, funso langa ndi lomwelo.

Thoko: Kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri ndi wa kuyunivesite kwathu kuno ku Leeds, wotchedwa EMBER. Anautsogolera ndi Lee Brown, Joseph Holden ndi Sheila Palmer, unatenga zaka 5, lipoti lake linatuluka mu 2014. Anasankha zigwa 10 m'mapiri a Pennines, 5 zotenthedwa, 5 zosatenthedwa, n'kuikamo timalo toyezera 120. Kotenthedwako anasiyanitsanso malo opsa posachedwa ndi opsa kalekale.

Anapeza kuti kotenthedwa madzi a pansi anali otsika, mwapakatikati ndi masentimita pafupifupi 5, ndipo otsika kwambiri anali pamalo opsa posachedwa. Pamwamba pa nthaka yopsa kumene, masana otentha, kutentha kumatha kuposa kwa pamalo osapsa ndi madigiri pafupifupi 20, poti pamakhala pakuda komanso popanda mthunzi. M'mitsinje yotsika kumalo otenthedwa madzi anali owawasa kwambiri, calcium wochepa, koma chitsulo, manganese ndi aluminium zochuluka. Zinyenyeswa za peat zodikha pansi pa mtsinje zimafika mpaka kanayi kuchuluka kwake. Tizilombo ta m'madzi tinalinso tosiyana: mitundu yochepa, ma mayfly ochepa, koma mphutsi za tintchentche tija topirira matope, zambiri.

Bambo a Tadala: Masentimita 5? Mwana wanga, zaka 5 zathunthu za maprofesa kuti apeze chala changa chimodzi?

Thoko: Kkk bambo, mu peat chala chimodzi ndi nkhani. Moyo wonse wa sphagnum uli m'masentimita ochepa a pamwambawo. Ilibe mizu yoti ikasake madzi pansi.

Mudziwe mmene timayezera. Timakhoma paipi yapulasitiki yobooledwa timabowo m'mbali, n'kuisiya momwemo. Tsiku loyeza umatenga kapaipi kena kakang'ono kofewa kokhala ndi manambala, umakalowetsa pang'onopang'ono uku ukuuzira mpweya ndi pakamwa, khutu lili tcheru. Ukangomva kuti bwibwibwi, wafika pamadzi, uwerenge nambala. Ndiye muganize mwana wa ku Area 25, wagwada pachithaphwi mu Janyuwale, mphepo ikuwomba chopingasa, zala zachita dzanzi, akuuzira kapaipi kuti amve thovu. Mapaipi 40 tsiku limodzi. Amayi anga amauza anzawo kuti ndikuphunzira uinjiniya.

Mayi a Chisomo: Nanga za kusefukira anapeza chiyani? Ine ndikudikira pamenepo.

Thoko: Mayi, apa ndikuuzani momwe zilili ngakhale sizikusangalatsani. Anaona kuti pamvula zikuluzikulu mitsinje ya kotenthedwa imakonda kukwera mwamsanga ndi mwamphamvu pang'ono kuposa inayo. Koma iwo eni analemba kuti mfundo imeneyi sinali yotsimikizika. Nzeru yake ndi yomveka: madzi oyenda pamwamba pa sphagnum yochindikala amayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi oyenda pa nthaka yambee. Zimenezo zinayezedwa. Ndipo kuphiri la Kinder Scout, kumene a bungwe lokonzanso mapiri la Moors for the Future anadzala zomera pa peat yambee ndi kutseka makwawa, madzi anayamba kuchedwa kutsika ndipo msinkhu wa chigumula m'timitsinje ta pamwambapo unachepa. Koma kuchoka pamenepo kufika ponena kuti madzi a m'khitchini mwanu anabwera ndi moto wa a Mavuto, pali mtunda umene palibe anauyenda ndi manambala.

Mayi a Chisomo: Ine sindikufuna kuti chigumula chithe, ndikudziwa Calder sadzasiya. Ndikufuna mphindi 30 zokha. Tsiku lija ndikanakhala ndi mphindi 30 zina, sutikesi ija ikanakwera.

Nachisale: Mmm. Pepani asisi.

Mavuto wa ku Dales: Thoko wanena bwino, koma wasiya mbali ina. Alamu anga akamva dzina loti EMBER amalavula. Amati anayerekeza malo osafanana.

Thoko: Sindinasiye achimwene, ndimapuma kaye. Zoona, mu 2019 Mark Ashby ndi Andreas Heinemeyer analemba mu Journal of Applied Ecology kutsutsa kayendetsedwe ka EMBER. Mfundo yawo inali yakuti zigwa zotenthedwa ndi zosatenthedwazo zinali m'madera osiyana, osiyana kale pa mvula ndi nyengo, ndiye ukapeza kuti uku n'kouma kuposa uko, ungadziwe bwanji kuti ndi moto osati mvula? Ndiponso palibe anayeza malowo asanatenthedwe. Zili ngati kuyerekeza munda wa ku Mulanje ndi wa ku Balaka n'kunena kuti kusiyana kwa chinyezi n'chifukwa cha khasu. Brown ndi Holden anayankha, anaonanso manambala awo poganizira zosiyanazo n'kunena kuti zotsatira zawo zikuimabe, komanso anakumbutsa kuti m'chigwa chimodzi chomwecho malo opsa posachedwa anali osiyana ndi opsa kale, pamene mvula ndi imodzi. Anafunsanso za amene amapereka ndalama za kafukufuku wa anzawowo. Nkhani inatentha kuposa heather.

Bambo a Tadala: Maprofesa amatukwanananso?

Thoko: Amatukwanana ndi ma footnote.

Heinemeyer ali ndi kafukufuku wake ku yunivesite ya York, Peatland-ES-UK, amene anayamba mu 2012 pamalo atatu: Nidderdale, Mossdale ndi Whitendale. Iye anayamba wayeza kaye asanakhudze chilichonse, kenaka pena anatentha, pena anatchetcha ndi makina, pena anangosiya. Lipoti la zaka 10 linatuluka mu 2023. Iye akuti potentha pamataya kaboni wambiri tsiku la motolo, koma zomera zikaphuka zimayamwanso mwamphamvu, ndipo makala otsalira saola msanga. Akutinso pongosiyidwa heather imakula n'kumamwa madzi ambiri, nthaka n'kumauma. Otsutsa amati malo atatu okha, ndiponso odzaza kale ndi heather, sangayankhire mapiri onse, komanso ena mwa opereka ndalama m'zaka zapambuyo ndi mabungwe a eni malo osakirako mbalame. Chilungamo chake, makampani a madzi nawo anaikapo ndalama, ndipo poyamba linali boma. EMBER nayo inalandira ndalama ku NERC, bungwe la boma lothandiza kafukufuku wa zachilengedwe, ndi ku kampani ya madzi ya Yorkshire Water.

Kondwani: Ndangotuluka shifiti, ndapeza mauthenga 60. Ndilankhuleko za kumpopi, poti ine ndimagwira pamalo oyeretsera madzi ochokera kumapiri omwewo. Madzi akamafika kwa ife amakhala ngati tiyi wopanda mkaka. Si matope, ukawasiya m'botolo sabata yonse sadikha, ndi peat yosungunuka. Paokha si poizoni. Vuto ndi lakuti ukathiramo klorini mtunduwo usanachoke, pamapangika mankhwala ena otchedwa trihalomethanes amene malamulo amaika malire ake. Ndiye timayamba tathira mankhwala a chitsulo kapena a aluminium kuti mtunduwo uundane, tiuchotse ngati phala, kenaka klorini. Mtundu ukachuluka, mankhwala amachuluka, phala lotaya limachuluka, bilu yanu imamva. Nthawi yovuta kwambiri ndi Okutobala ndi Novembala, mvula yoyamba ikatsuka peat imene yauma chilimwe chonse. Usiku wina ndinasintha mlingo wa mankhwala kasanu.

Mavuto wa ku Dales: Ndiye mukuti ndi ifenso?

Kondwani: Ayi achimwene, ndikanakonda zikanakhala zophweka choncho. Mtunduwu wakhala ukukwera m'mitsinje ya kumapiri a Britain kuyambira zaka za m'ma 1980, pakati pa 1988 ndi 2003 unatsala pang'ono kuwirikiza kawiri, ngakhale kumalo kumene sikutenthedwa n'komwe. Ku Scandinavia chimodzimodzi, ku North America chimodzimodzi. Mu 2007 mu magazini ya Nature munatuluka kafukufuku woonetsa kuti chachikulu ndi kuchepa kwa mvula ya asidi. Kale utsi wa malasha unkawawasitsa nthaka, ndipo nthaka yowawasa imagwira mtunduwo osautulutsa. Atayeretsa mpweya, nthaka inamasuka. Pa za moto, ofufuza ena oyang'ana chigwa chonse anapeza kuti kotenthedwa kwambiri mtundu umachuluka, ena oyeza timalo tating'ono sanaone kusiyana. Ine monga munthu wa pampopi, chimene ndimaopa ndi peat youma, kaya waumitsa ndi moto, ngalande kapena dzuwa.

Bambo a Tadala: Imani kaye. Anayeretsa mpweya, madzi n'kuda? Walira mvula walira matope ndithu.

Kondwani: Ndipo za ngalandezo, a bambo a Tadala muzikonda. Nkhondo yachiwiri itatha mpaka cha m'ma 1980, boma linkapereka ndalama kuti alimi akumbe ngalande m'mapirimo, aumitse nthaka nkhosa zipeze msipu. Lero ndalama zikuperekedwa kuti ngalande zomwezo azitseke.

Bambo a Tadala: Kulipidwa pokumba, kulipidwa pokwirira. Tenda imeneyo inandiphonya bwanji?

Nachisale: Ndawalowetsa bambo anga pagulu pano kwa lero lokha, a Admin mundikhululukire. Ali ku Dedza, anagwira ntchito ya zankhalango zaka zambiri. Ndimawawerengera pafoni ndiye akuti ayankhe okha.

Gogo a ku Dedza: Ndakupezani ana anga. Zikomo pondilandira. Ndamva zonse. Ine moto ndagwira nawo ntchito moyo wanga wonse, ndipo sindiutcha mdani. Ku Viphya tinkalambula njira zotchinga moto ndi kutentha msanga, Meyi ndi Juni, udzu usanaumitsitse, kuti moto wa Okutobala ukabwera upeze podya palibe. Ku Nyika nakonso amatentha zigawo msanga chomwecho. Akuluakulu anati kumene kwatsala tchire ndi kumene kumapita moto. Pamenepo mnyamata wa ku Dales akunena zoona.

Koma panali lamulo limodzi limene kapitawo wathu ankalinena m'mawa uliwonse: moto usalowe m'dambo. Udzu wa pamtunda ukapsa, mvula ikagwa umaphuka, lupsa lija n'kusanduka msipu. Dambo la nthaka yakuda yofewa ija n'losiyana. Chaka china cha chilala moto unatilowera m'dambo lina. Pamwamba tinazimitsa tsiku lomwelo. Patatha masabata awiri mlonda akubwera kudzanena kuti nthaka ikufuka. Tinapita. Palibe lawi, koma ukaponda phazi limalowa m'phulusa lotentha, jombo ya mnzanga inasungunuka chidendene. Unkayenda pansi ngati mfuko. Unazima ndi mvula ya Disembala. Kasupe amene amayi ankatungapo kumunsi kwa dambolo anayamba kuphwa mu Ogasiti, pamene kale ankafika mpaka mvula. Ndiye funso langa kwa mwana wasukuluyo: kumeneko akutentha pamtunda kapena akutentha m'dambo?

Thoko: Agogo, mwafunsa funso limene boma la kuno lakhala likulimbana nalo zaka zonsezi. Vuto lake, kuno dambo lili pamwamba pa phiri. Mvula ndi yambiri, kuzizira n'kwambiri, ndiye peat yafunda phiri lonse ngati bulangete, pamtunda pomwe. Munthu ukaona heather umayesa ndi tchire wamba, chonsecho pansi pake pali dambo la mamita awiri. Ndiye lamulo linayamba kuyang'ana kuya. Kuyambira Meyi 2021 ku England analetsa kutentha popanda laisensi pa peat yakuya kuposa masentimita 40 m'malo otetezedwa mwapadera, mahekitala pafupifupi 220,000. Kuyambira pa 30 Sepitembala 2025 atsitsa malire kufika pa masentimita 30 ndi kukuza dera kupitirira mahekitala 670,000. Ku Scotland anakhazikitsa lamulo lawo mu 2024 lofuna laisensi.

Gogo a ku Dedza: Ndiye kapitawo wathu uja anali patsogolo pa boma la Angerezi ndi zaka 40. Mulungu ause mzimu wake.

Mavuto wa ku Dales: Kkk agogo. Masiku ano tisanayatse timayenda ndi ndodo yachitsulo yolembedwa mzere, kubaya pansi. Ikalowa kupitirira mzere, pamenepo ayi. Koma nthaka siidziwa lamulo, apa ilowa masentimita 20, mapazi asanu kutsogolo ilowa 60. Ndipo moto wathu si umene agogo akunena. Timayatsa nthaka ili yonyowa, mphepo ili yabwino, lawi limangothamanga pamwamba. Likadutsa umatha kuika dzanja pa ndere, ili yozizira. Alamu anga anakwirirapo chokoleti pansi pa ndere pofuna kundionetsa, moto utadutsa anachifukula chosasungunuka, tinadya.

Chimene ine ndimaopa ndi moto wolusa ngati wa mu Juni 2018 kuphiri la Saddleworth. Amene muli ku Manchester mukukumbuka utsi uja, anthu a ku Carrbrook kusamutsidwa, asilikali kuitanidwa, moto masabata atatu. Umenewo ndiye unadya peat yeniyeniyo. Mukaletsa moto waung'ono, heather ikafika m'chiuno, tsiku lina wina adzabwera ndi kambaula kowotchera nyama ngati zinachitikira ku Marsden Moor mu 2019.

Thoko: Za chokoleti ndimazimva kawirikawiri achimwene, ndipo sindikutsutsa. Koma chokoleticho chikungoyankha za mphindi ya moto. Zimene EMBER inayeza ndi za miyezi ndi zaka zotsatira, pamene pamalopo pali pakuda, popanda chofunda, dzuwa ndi chisanu zikumenya. Mukadzakwirira chokoleti pamenepo mu Juni mudzandiuze. Komanso si moto uliwonse umene umayenda monga mwa pulani, inu mukudziwa mphepo ikatembenuka.

Za moto wolusa, mantha anuwo ndi enieni, ngakhale ozimitsa moto ena amanena zomwezo. Mbali inayo imayankha kuti heather imakonda pouma, ndipo kutentha mobwerezabwereza ndi ngalande zija ndi zimene zinaipatsa ufumu. Mukatseka ngalande madzi n'kukwera, heather imachepa yokha, sphagnum n'kubwerera, ndipo chithaphwi sichipsa msanga. Chovuta ndi zaka za pakatipo, pamene heather yakula koma nthaka isananyowe. Ndipo pali mapiri ena otsetsereka kapena owonongeka kwambiri amene kuwanyowetsa n'kovuta. Pamenepo aliyense amalankhula motsitsa mawu.

Mavuto wa ku Dales: Amati tizitchetcha. Thalakitala pa peat yofewa, mwaonapo mikwaso yake? Ndiponso pamiyala makina salowa.

Thoko: Ndaiona. Ku York komweko anaona kuti potchetcha pamakhala ponyowerapo pang'ono zaka zoyamba chifukwa zinyalala zimaphimba nthaka, koma makina amasalaza timitumbira timene tizomera tina timadalira. Palibe njira yaulere.

Mayi a Chisomo: Ine ndafunsa mwamuna wanga kuti kodi zonsezi n'zachiyani. Sikuti akulima chimanga. Ndi mbalame zoti anthu olemera adzaombere masiku ochepa pachaka. Kwathu munthu akatentha tchire chifukwa cha mbewa timamunena pawailesi kuti ndi mbuli yowononga chilengedwe. Kuno akatentha chifukwa cha nkhwali, maprofesa amakangana zaka 10.

Bambo a Tadala: Apa mayi mwalasa. Wa mbewa amadyako ndiwo.

Mavuto wa ku Dales: Mayi, ndikumvetsa, inenso poyamba zinkandinyansa. Koma kumudzi kumene ndimakhala kuno, basi imabwera kawiri patsiku, sukulu ili ndi ana osakwana 30. Ndalama ya Ogasiti ndi Sepitembala ndi imene imasunga hotela, galaja ndi mabanja ngati la alamu anga. Ndipo mbalame zina zomwe zikutha kwina, monga curlew, kwathu zimaswa bwino chifukwa alonda amachepetsa nkhandwe ndi akhwangwala. Sindikuti zonse n'zoyera. Nkhani ya kuphedwa kwa akabawi ndi mphamba m'malo ena osakirako ndi yoona ndipo ndi yochititsa manyazi. Koma musatione ngati anthu osadziwa phiri.

Gogo a ku Dedza: Mwana wasukulu, tizilombo ta m'madzi tija unatchula, timathandiza chiyani? Ndafuna kumvetsa chifukwa chake anthu ophunzira amawerenga mphutsi.

Thoko: Agogo, botolo la madzi limakuuzani za tsiku limene mwatunga. Tizilomboto timakhala mumtsinje chaka chathunthu kapena kuposa, ndiye timakuuzani za masiku onse, ngakhale usiku umene kunadutsa madzi oipa inu muli mtulo. Timalowa mumtsinje ndi jombo zofika m'chifuwa, ukonde kumunsi, n'kumapalasa miyala ndi phazi mphindi zitatu. Ukakhuthulira m'beseni loyera poyamba umangoona zinyalala. Ukadikira pang'ono zinyalalazo zimayamba kuyenda. Mayfly ali ndi michira itatu ndi timapiko topumira m'mbali, amafuna miyala yoyera yoti azikanda ndere yake. Zinyenyeswa za peat zikadzaza mipata ya miyala, amasowa pokhala. Iwo akachepa, nsomba za trout ndi kambalame kaja koyera pachifuwa kamene kamamira m'madzi, dipper, zimasowa chakudya.

Gogo a ku Dedza: Ndamva. Ifenso tinkadziwa mtsinje ndi nkhanu. Zikasowa nkhanu, pita kumtunda ukaone chimene chachitika. Ndiye ine ndikanakhala woweruza, ndikanati uyo wa ku York anachita bwino kuyeza asanatenthe, awo a ku Leeds anachita bwino kulowa mumtsinje m'malo ambiri. Bwanji osagwirizana n'kuchita zonse ziwiri pamodzi?

Thoko: Ndalama ndi nthawi, agogo. Kuzungulira kumodzi kwa moto ndi zaka 15 kapena 20, pamene thandizo la kafukufuku nthawi zambiri ndi la zaka 3 mpaka 5. Malo okhawo amene ayesedwa nthawi yaitali ndi Hard Hill ku Moor House, kumpoto kwa mapiri a Pennines, kumene akhala akutentha timinda tina pa zaka 10 zilizonse, tina pa zaka 20, kuyambira 1954. Koma ndi timinda tating'ono paphiri limodzi lalitali ndi lozizira, si chigwa chokhala ndi mtsinje wake. Ndipo zotsatira za pamenepo mbali zonse ziwiri zimazitenga kukamenyera nkhondo.

Kondwani: Ine maganizo anga, pa peat yakuya asiye kutentha, atseke ngalande, koma alembe ntchito anthu ngati a Mavuto omwewo kuti azilondera moto ndi kutchetcha njira zotchinga. Amene amadziwa kumene mphepo imakhotera paphiri lija si ife.

Mavuto wa ku Dales: Bola malipiro ake asakhale a kontirakiti ya miyezi 6. Thoko, bwera ndi mapaipi ako kwathu. Pali malo amene ndodo imalowa 25 okha, tikufuna kutentha chaka chamawa. Udzayeze wekha.

Thoko: Ndibwera, koma mapaipi akhale pansi chaka chathunthu musanayatse, ndipo pambali pake musiye kachigawo kofanana nako kosatentha. Mukatentha kaye n'kundiitana pambuyo, tibwereza mkangano wa 2019.

Mavuto wa ku Dales: Chaka chathunthu? Alamu anga akomoka. Ndiyesa kuwanyengerera Lamlungu pa nkhomaliro.

Mayi a Chisomo: Mukapita mundiuze, ndikufuna ndikaone ndi maso anga kumene madzi aja amachokera. Zaka zonsezi ndili kuchigwa kuno sindinakwereko.

Thoko: Mubwere ndi jombo mayi, osati zija mumavala ku tchalitchi. Ndikupatsani kapaipi muuzire nokha.

Gogo a ku Dedza: Bandulo yanga ikutha ana anga. Nachisale, ukadzaonanso utsi uziyamba waona kumene mphepo ikulowera usanaimike galimoto. Unaimika mbali iti dzulo?

Nachisale: Kumene utsi umapita, bambo.

Gogo a ku Dedza: Mwana wa munthu wa zankhalango. Usauze anthu.